Khutu Lamanzere la Wapakati

Lolemba, 11 Novembala

Andigoneka lero nthawi ya 10 m'mawa, wodi ya makutu, mphuno ndi pakhosi. Chipinda chili ndi mabedi anayi, awiri alibe anthu. Kuchoka pabedi langa kukafika pachitseko ndi mapazi asanu ndi awiri. Chimbudzi chili kumanja. Ndayendamo kawiri kuti miyendo iloweze.

Ndikulemba pa kamakina kanga ka zilembo za osaona, kamene ndimawerenga ndi zala. Foni imafuna khutu, ndipo khutu ndatsala ndi limodzi.

Anamwino andifunsa zonse. Tokiko Isobe, zaka 33, maso anazima ndili ndi zaka 14. Ntchito yanga ndi yokonza zolakwika m'mabuku a osaona ku laibulale ya kuno ku Kurume. Atafika pa funso la masewera ndati golobolo, timu ya dziko ya amayi, malo apakati. Anati, "Ndi uja wa mpira wokhala ndi mabelu m'kati?" Womwewo. Atatu mbali ino, atatu mbali iyo, onse ophimba m'maso, holo yonse zii. Wapakati ndi amene amamvetsera kumene mpira uli n'kuuza anzake. Ndi ntchito ya makutu awiri.

A dokotala Uehara akuti khutu lamanzere lagontha mwadzidzidzi, ndipo chochititsa sichidziwika. Lamanja likuyamba kumva pa madesibelo 10, muyeso wa kukula kwa phokoso, monga mwa masiku onse. Lamanzere likuyambira pa 78, ndiye kuti likumva phokoso lalikulu lokha. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati Lachiwiri lapitali. Ndinamva cholembera chikuikidwa patebulo.

"Masiku asanu ndi limodzi. Munali kuti, mayi Isobe?"

Ndinati ndinali kumpira.

Lachiwiri, 12 Novembala

Diripi yoyamba: prednisolone mamiligalamu 60, maola awiri. Piritsi loteteza m'mimba m'mawa, mavitamini katatu. Mankhwalawa amakweza shuga, ndiye azindibaya chala katatu pa tsiku. Ndapempha kuti azibaya chaching'ono chakumapeto, zinazi ndimawerengera.

Funso la dzulo sindinaliyankhe bwino. Ndiliyankhe pano.

Tinali ku m'bindikiro ku Tokyo, mu holo imene tinali tisanasewerepo. Holo iliyonse ili ndi mamvekedwe ake. Ina denga ndi lalitali, ina khoma limabweza mawu, ndipo tsiku loyamba timathera kuiphunzira. Golo ndi yotambalala mamita 9, ndiye ndimatchula nambala kuyambira 0 kumanzere mpaka 9 kumanja. Lachiwiri lija ndinadzuka khutu lili ngati mwalowa madzi. Pabwalo mpira uli pa 4, ine ndikuti 6. Uli pa 2, ine ndikuti 4. Ndinaganiza msanga kuti khoma lakumanja likubweza phokoso, basi ndinayamba kuchotsera ziwiri pa chilichonse chimene ndamva. Zinayenda ndithu. Ndinafika pouza Saeko Narita, wapakati wachiwiri, kuti holo iyi imakokera kumanja. Iye anati, "Ine sindikumva choncho, achemwali." Ndinamuuza kuti akadali mwana, adzaphunzira.

Lamulungu ndinabwerera kunyumba. Ketulo inalira kumanja kwanga, pomwe sitovu ili kumanzere zaka zisanu ndi ziwiri tsopano.

A kochi Moriwaki aimba madzulo. Mndandanda wa osewera asanu ndi mmodzi opita ku mpikisano wa mayiko mu Januwale utumizidwa Lachisanu pa 22, masana. Dokotala wa timu akufuna pepala losonyeza kuti khutu lamanzere lafika pa 40 kapena kutsika. Likapanda kufika, pakati pakhala Saeko. Anayankhula mosamala, ngati munthu wonyamula thireyi ya mazira. Ndinawauza kuti ndamva, ndipo lamulolo ndi labwino.

Masiku khumi.

Lachitatu, 13 Novembala

Khutu lamanzere: 76.

Woyeza makutu ndi bambo Anzai, munthu wa mawu ochepa. Amakulowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, kukuveka zomvera, kukupatsa batani. Khutu labwino amaliika phokoso longa la mvula kuti lisathandize linzake. Ukamva kulira kwa kamluzu, umadina.

Ndawerenga malipoti anayi a madokotala. Onse akugwirizana: mwa odwala atatu, mmodzi amachira kwathunthu, mmodzi pang'ono, mmodzi ayi. Oyamba mankhwala sabata isanathe amakhala ndi mwayi wochulukirapo. Ine ndinalowa pa tsiku lomaliza la sabatayo. Palibe lipoti lonena za munthu amene anaimba mlandu khoma.

Pabedi loyang'anana ndi langa pali mayi Kogure, zaka 61, ogulitsa nsomba pamsika. Akudwala chizungulire. Akatembenuza mutu chipinda chimazungulira, ndiye amagona chagada n'kumayankhula ndi denga.

"Inu achemwali, mukung'ung'udza chiyani pamenepo tsiku lonse?"

"Ndikulemba."

"Za ine?"

"Pang'ono."

"Mulembe kuti ndine wokongola. Simungatsutse."

Chakudya chamasana: mpunga, nsomba yootcha, supu ya soya yotchedwa miso, yopanda mchere. Mayi Kogure anunkhiza nsombayo n'kunena kuti inafa chaka chatha.

Lachinayi, 14 Novembala

Diripi 60, tsiku lachitatu. Shuga 168 masana.

Ndayamba kulowa m'thanki ya mpweya, akuti imathandiza khutu kuchira. Ndi chitsulo chachitali ngati bwato lotsekedwa. Umagonamo ola limodzi ndi theka, atakuvula chilichonse chimene chingayake. Kamakina kanga sikaloledwa. Makutu amathina ngati m'ndege. Ndinagona n'kumawerengera m'mutu oponya mpira a mayiko amene tikakumane nawo, mmodzimmodzi. Uyu amayenda mapazi atatu n'kuponya. Uyu amazungulira kamodzi, nsapato yake imalira asanausiye. Ndili nawo khumi ndi asanu ndi awiri m'mutumu.

M'khutu lodwalalo mukulira nyenje, mu Novembala muno.

Lachisanu, 15 Novembala

70. Diripi yatsikira pa 40.

Makina ojambula mutu sanapeze chotupa. A dokotala akuti ndi nkhani yabwino. Ndi yabwinodi.

Sindikugona, ndi mankhwala. Nkhope yayamba kutupa, ndaigwira. Ndatopa.

Loweruka, 16 Novembala

Kwabwera Fuyumi Kanbara. Amasewera kumanzere kwanga, zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Amakhala ku Fukuoka, ndipo diso lake limodzi limaonako zithunzithunzi. Ndinamudziwa ali kutali, amakoka phazi lamanja.

"Kodi gonthi uja ali muno?"

"Yankhula mbali ino, mbali iyo atseka."

"Ee, nkhope imeneyi! Akukupopa ndi pampu?"

Anabweretsa timakeke ta nyemba zotsekemera. Ndinamukumbutsa za shuga. Anati akudziwa, n'chifukwa chake wagula tomwe iye amakonda. Anadya ndi mayi Kogure, ine ndikumwa tiyi wopanda kanthu. Pasanathe mphindi khumi anali akuitanana mayi ndi mwana.

Kenako anakhala pabedi langa, mbali yamanja, n'kutsitsa mawu. Lachinayi timu yathu inasewera ndi kalabu ya amuna poyeserera. Saeko analola zigoli zitatu kudutsa pakati pa iye ndi Fuyumi, zonse chifukwa chochedwa kutchula nambala. Atatha, Saeko anakadzitsekera m'chimbudzi.

"Mwanayo akamatchula, ine ndimadikira kaye ndimve ndekha," anatero Fuyumi. "Iwe ukati 3, ine ndagwa kale pansi. Ndili ndi zaka 36, Tokiko. Bondo ili ndi la Januwale yekha, silifika kwina. Chira."

Ndinamuuza za odwala atatu aja.

"Usandiwerengere mabuku ako. Ndati chira."

Lamulungu, 17 Novembala

Diripi 30. Lero sayeza, ndipo thanki yatsekedwa. Mvula. Ndagona pafupifupi tsiku lonse.

Lolemba, 18 Novembala

64. Kutsika kwa 14 m'masiku asanu ndi awiri, ndiye kuti ziwiri pa tsiku. Kuti ndifike pa 40 pofika Lachisanu pafunika zisanu ndi imodzi pa tsiku. Masamuwa ndawachita kamodzi kokha, sasintha.

A dokotala Uehara anena zobaya mankhwala m'khutu mwenimweni, kuboola nembanemba. Ndavomera. Amayamba adontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenako singano yaitali. Sizipweteka kwambiri, koma chipinda chinazungulira ndipo mankhwala anatsikira kukhosi, owawa. Umagona chammbali theka la ola, osameza malovu, osayankhula.

Mayi Kogure anati, "Tsopano mwalowa mpingo wathu wa ozungulira. Takulandirani."

Mwamuna wawo wabwera ndi manachesi. Anawasendera limodzilimodzi, iwo akumulalatira kuti wagula nsomba zolakwika kwa opikulitsa. Pochoka anaika awiri patebulo langa, n'kugogoda tebulolo kuti ndidziwe pamene ali.

Lachiwiri, 19 Novembala

Diripi 20. Thanki. Khutu lapuma lero, sayeza. Shuga 141.

Saeko watumiza uthenga: akundifunira kuchira msanga, timu ikundidikira. Ndi uthenga waulemu, wolembedwa mosamala. Ndikudziwa kuti anaulemba kangapo. Ndayankha kuti zikomo.

Lachitatu, 20 Novembala

38.

Bambo Anzai anabwereza nambalayo kawiri. A dokotala anafika okha kubedi, zimene sachita nthawi ya masana. Akuti zimachitika jakisoni wa m'khutu akagwira ntchito, ngakhale iwo sanayembekezere kutsika kotere. Kalata ya kwa dokotala wa timu aisainira kale, ili mu envulopu m'kabati yanga. Anamwino anandigwira dzanja. Mayi Kogure anaomba m'manja mpaka chizungulire chinawagwira. Ndinaimbira Fuyumi, anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu.

Ndinasangalala kwa maola awiri. Ndilembe zimenezo, chifukwa zinachitika.

Madzulo ano ndinatseka khutu lamanja ndi chala, n'kukhwekhweretsa tsamba la pepala pafupi ndi lamanzere. Palibe. Pa 38 ndimayenera kumvako kanthu. Ndinayesa kupukusa zala. Palibe. Nyenje zokha.

Ndiye ndinayamba kukumbukira m'mene ndinayezedwera. Bambo Anzai andiyeza kasanu tsopano. Amaliza kamluzu, amadikira, amalizanso, ndipo kudikira kwawo sikusintha: kupuma kumodzi ndi theka. Sindinakonze zoti ndiwaloweze. Koma zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuphunzitsa thupi ili kuti lisadikire belu. Woponya akaponda phazi lachitatu ndimakhala ndagwa kale, chifukwa wodikira kumva mpira ndiye kuti wachedwa. Lero m'kachipinda muja chala chinkadina pa nthawi yake. Kaya ndinkamva kamluzu kaya ndinkamva nthawi yake yokha, sindingalumbire.

Sindinauze aliyense. Envulopu ili m'kabati.

Lachinayi, 21 Novembala

Diripi yomaliza, 20. Kuyambira mawa mapiritsi.

M'mawa ndinapempha mayi Kogure kuti andithandize. Tsopano akutha kukhala tsonga. Tinapita m'chipinda chochezera kulibe anthu. Ndinakhala pansi pakati, iwo kutsogolo kwanga mapazi khumi, atavula masilipasi kuti ndisamve kuyenda kwawo. Ankasuntha uku ndi uku n'kugwedeza makiyi, ine n'kuloza. Kakhumi.

"Zingati?"

"Mwayesetsa, achemwali."

"Mayi Kogure, zingati?"

"Zitatu. Chinacho munaphonya pang'ono pokha, tingati zinayi."

Mwezi wathawu zikanakhala khumi, ndipo ndikanawauza kuti makiyiwo ndi angati.

Ndinawafotokozera za batani lija. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwaba chiyani? Pepala analemba ndi dokotala, osati inu. Miyezi iwiri ilipo, khutu likhoza kubwerera. Tumizani, mukachirire m'ndege. Ine ndikanatumiza dzulo lomwe."

Ndinaimbira Fuyumi. Nditamufotokozera anati, "Iwe wa khutu limodzi ukuposa Saeko wa makutu awiri."

"Ndapeza zitatu pa khumi."

"Ndi makiyi! M'chipatala! Ndi gogo wachizungulire!"

"Ndamva zimenezo!" anakuwa mayi Kogure.

"Fuyumi, wanena wekha kuti ndikati 3 umagwa osaganiza. Saeko akachedwa, iwe umadzimvera wekha, mwina n'kuutchinga. Ine ndikalakwitsa, ugwera pa 3 ndi mtima wonse mpira ukudutsa pa 1."

"Uzichotsera ziwiri, ngati ku Tokyo."

"Ku Tokyo tinkasewera ndi anthu amene ndimadziwa mapazi awo."

"Ndiwe munthu wotopetsa, ukudziwa? Anthu amapempherera pepala ngati limenelo."

Anadula foni.

Ndinapita kwa a dokotala Uehara nthawi ya 2, envulopu ili m'manja. Ndinapempha kuti andiyezenso, ndipo woyezayo asamadikire mofanana. Anafunsa chifukwa. Nditafotokoza anaseka pang'ono, kenako analeka.

"Zaka makumi awiri ndili pantchito ino, wodwala wobweza zotsatira zabwino ndi inu woyamba."

Ndinawapempha kuti asawadzudzule bambo Anzai. Munthu wamba sangawaloweze. Anandiyeza okha bambo Anzaiwo, a dokotala ali pambali. Ulendo uno ankadikira mosintha, pena kupuma kumodzi, pena kasanu. Kawiri chala changa chinadina pasanalire kanthu. Ndinachimva chikudina, ngati si changa.

61.

Bambo Anzai anapepesa katatu. Ndinawauza kuti wopepesa ndine.

A dokotala akuti likhoza kupitiriza kutsika kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mwina kufika m'ma 50. Kupitirira apo sakulonjeza. Jakisoni wina Lachiwiri, ndizichokera kunyumba. Alemba kalata ina.

Madzulo mayi Kogure sanayankhule ndi denga. Atabweretsa chakudya anangoti, "Nsomba ya lero ndi yabwinoko, idyani."

Lachisanu, 22 Novembala

Ndikulemba ndili kunyumba.

Ndinaimbira a kochi nthawi ya 9. Ndinawawerengera nambala zonse motsatana, ndi ya Lachitatu yomwe, n'kufotokoza chifukwa chake siyoona. Anati Fuyumi anawauza za 38 Lachitatu lomwelo, ndipo dzina langa analilemba kale. Ndinati alifufute. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati funsolo si la ine, ndi la khutu, ndipo layankha. Anapuma mwamphamvu. Kenako anafunsa ngati ndingalembe zimene ndikudziwa za oponya aja kuti Saeko aziphunzire. Ndinati ndiyamba Lolemba. Foni yonse inatenga mphindi zisanu ndi imodzi.

Mapiritsi: prednisolone 15 masiku atatu, 10 masiku atatu, 5 masiku atatu. Osakweza zolemera. Osapita kumalo aphokoso.

Mayi Kogure atuluka sabata yamawa. Anandiuza kumene kuli benchi yawo pamsika, mzere wachitatu kuchokera pakhomo. "Mukamva mayi akukalipira mwamuna wake, mwafika."

Sindinayembekezere aliyense, koma ndili pakhomo la wodi ndinamva phazi lamanja likukokedwa. Fuyumi anangolanda chikwama changa.

"Sindinakukhululukire."

"Chabwino."

"Ndabwerera timakeke tanga totsala."

"Anadya mayi Kogure."

Kuchoka pachipatala kupita kokwerera sitima pali maloboti amodzi, aja olira ngati mbalame kuti osaona adziwe nthawi yowoloka. Mbalame imodzi imalira tsidya lino, ina tsidya lija, ndipo umayenda molunjika kumene kukulira ya tsidya lijalo. Ndawoloka misewu yotere ndekha kuyambira ndili ndi zaka 15. Ndinaima ndi ndodo yanga pamzere wa timabampu totsogolera osaona. Mbalame zinayamba kulira. Ndinazimva bwinobwino, zonse ziwiri, koma zonse zinali m'khutu lamanja, pamalo amodzi. Galimoto inadutsa, sindinadziwe ngati ili kutsogolo kapena kumbali. Ndinatembenuza mutu uku ndi uku. Mbalame zinasiya.

 Tinadikira. Zinayambanso, ndipo ndinaimabe pomwepo mpaka zinasiyanso.

Ulendo wachitatu anasuntha n'kudzaima kumanja kwanga, mbali imene ndimamva.

"Lero ndikutchula ndine," anatero. "Chigongono chili pa 6."

Ndinatambasula dzanja. Chinali pomwepo. Tinawoloka.